Loboti ndi jekete langa la ukapitawo

"Inu akapitawo, chokanipo apo! Chimakinachi chimakudani!"

Anakuwa choncho ndi dalaivala wa lole, mkulu wina wa ku Nsanje wa pakamwa ngati lezala, pamaso pa anyamata anga onse. Ine mlungu umenewo n'kuti atangondiveka jekete lonyezimira la ukapitawo pa fakitale ina yolongedza chitowe ku Bangula. Abwana anali atanena mosabisa kuti lole ikapanda kunyamuka tsikulo, jekete lipita kwa wina.

Vuto linali dzanja la loboti losanja matumba. Lili ndi kadiso kowunika, kuwala kukabwerera kuchokera pa kagalasi ka pamalo osanjira, dzanja limadziwa kuti lafika n'kutula thumba. Tsikulo linkangotula m'malere. Phi! Chitowe mbwee pansi.

Ndinapukuta kadiso. Phi! Ndinamanga mawaya. Phi! Ndinazimitsa n'kuyatsanso (nzeru zanga za zamagetsi zimathera pamenepo). Chondipweteka n'chakuti ndikapita kukaimbira amakanika a ku Blantyre, linkasanja bwinobwino. Ndikabwera kudzasuzumira, phi!

"Mwaona? Likangokuonani likukomoka," anatero dalaivala uja. "Kodi ukapitawowu munaupeza bwino?"

Amene amandidziwa akudziwa kuti mtima wanga suchedwa kuwira, nanji ndi dzuwa la kuchigwa kuno. Ndinavula jekete n'kuliponya uko.

"Bwera kuno undiuze bwino za ukapitawo!"

Zibakera zili m'mwamba, ndinangomva anyamata akuimba m'manja. Ndinkayesa akuchemerera ine. Ayi ndithu, kumbuyo kwanga loboti inali ikusanja matumba mwaulemu ngati mkamwini wofika kumene.

"Eya! Yaopa!" ndinakuwa. "Makina amafuna mwamuna wolankhula kamodzi!"

Ndinatola jekete, ndinalikung'untha, ndinavala, n'kupita kukaima pafupi penipeni, mimba patsogolo, manja m'chiuno, kuti aliyense aone mwini ntchito.

Thumba lake linandipeza paphewa.

Ndili gone pansi, chitowe m'makutu ndi m'mphuno, ndinaona kadontho kofiira ka kuwala kakuvina pa lamba wonyezimira wa jekete lija, pamimba panga. Kagalasi kachiwiri ndinali ine. (Mimbayi ndinaisamala zaka zambiri, sindinkadziwa kuti ingasocheretse makina ochokera kunja.)

Dalaivala anandidzutsa misozi ili chuchuchu ndi kuseka. "Pepani akulu. Tsopano tikuwazeni mchere, tikukazingeni?"

Lole inanyamuka ine nditaimitsidwa kuseri kwa chitseko, ndikulamula anthu pawindo. Ukapitawo unapulumuka, koma dzina loti Achitowe landikanirira mpaka kutchalitchi.

Mkazi wanga anati ndiphunzirepo kuugwira mtima. Ndinamuyankha kuti ndikanaugwira sindikanavula jekete, ndipo vutolo silikanapezeka mpaka lero.

M'mawa mwake ndinalawirira, ndinavala jekete chotembenuza, n'kukaima pageti kudikira dalaivala uja. Nkhani yathu ija tinali tisanamalize.