Ndinasamutsira amayi ku Malawi chifukwa cha makuponi

Nkhani iyi anthu a kwathu kuno ku Vubwi, ku Zambia, amaikamba akuseka, ndipo pena ndimaseka nawo. Koma iwo amalekezera pakati. Ine ndikuuzani mpaka kumapeto kwake, komwe kulibe choseketsa.

Chaka chimenecho dzina langa silinatuluke pa fataleza wotchipa wa boma. Ndili mkati mokwiya, kunabwera alamu anga a Yohane, achimwene a mkazi wanga, ochokera tsidya la Mchinji. Anafika pa njinga yamoto yonyezimira (ndinadzamva pambuyo pake kuti inali yobwereka). Tili pakhonde anayamba kundiyalira za kwawo. Akuti makuponi a fataleza amagawa ngati mapepala a nyimbo kutchalitchi, nkhalamba zimalandira kangachepe, ana amamwa phala kusukulu, ndipo njala ikavuta chimanga chimabwera chokha pa lole.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka katswiri wa maiko. Pachigayo, pabawo, ngakhale pamaliro, ndinkaika Zambia dzanja ili, Malawi dzanja linali, n'kumayeza ngati wogula thonje. Amayi anga ankalandira kale thandizo la okalamba kuno, ndipo mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi ankatenga pakiliniki yapafupi. Zimenezo sindinaziike pasikelo. Zinali zozolowereka, ndiye ndinkaziona zopepuka.

Mkazi wanga, amake Chisomo, yemwe anabadwira ku Mchinji komweko, anandiuza kuti kwawo kukanakhala kotero sakanavomera kukwatiwa ndi ine. Ndinayesa nthabwala.

Nditatsimikiza zosamukira ku Malawi, munda ndinabwereketsa msuweni wanga Lazalo pamaso pa anthu, ndikulankhula mokweza kuti alime mpaka atatopa, ine sindibwereranso kudziko losaona anthu ake. Amayi anakana poyamba. Anati akalamba, sangayambe lero kuphunzira njira ya kuchitsime cha eni.

"Amayi, kumeneko mukanenepa," ndinatero.

Pamapeto pake anakamanga kamtolo kawo.

Tinafika mvula isanagwe. Njinga ija sindinaione. Anatipatsa kanyumba komwe ankasungiramo fodya, ndipo ine, munthu wa imvi yemwe ndinatengera mkazi kwathu, ndinakhala mkamwini. Nditafunsa za makuponi, a Yohane anakanda m'mutu n'kunena kuti chaka chino zavuta pang'ono, iwonso sanalandire. Za chaka chatha anati zinavutanso pang'ono.

Chiyembekezo chinatsalira pa chimanga cha thandizo. Tsiku lolemba maina litayandikira, alamu anandiphunzitsa zonena: kuti ndinabadwira m'mudzi momwemo, kuti chitupa changa cha unzika chinapsa ndi nyumba, komanso kuti ndizilankhula pang'onopang'ono. Reji yanga, chitupa changa chenicheni cha ku Zambia, ndinaibisa m'sokosi (kuisiya kunyumba sindinaganizeko, musandifunse chifukwa).

Pamzere, pabwalo la sukulu, zonse zinayenda bwino mpaka ndinafika kwa mayi wolemba maina. Ndinayankha monga anandiphunzitsira. Mayiyo anamvetsera mwaulemu, n'kunena kuti popanda chitupa sangandilembe. Apa ndiye magazi anakwera. Ndili mnyamata ndinaitanirapo maminibasi pa Katete, ndipo lilime la patauni paja limabwera lokha ndikapsa mtima.

"Manje imwe amayi, mufuna tife? Fataleza mwatimana, manje na milisi futi?"

Kumeneko sanena manje kapena milisi, amati tsopano ndi chimanga. Mayi uja anaika cholembera pansi.

"Bambo, manje ameneyu mwabwera naye kuchokera kuti?"

Anthu anaphulika kuseka. Wina kumbuyo anakuwa kuti ndionetse reji, ndipo dzanja langa, losandifunsa, linatsikira kusokosi. Pamenepo ena anachita kukhala pansi. Ndinayang'ana a Yohane kuti andiombole, koma iwo anali kalikiliki kuyang'ana nsonga ya mtengo wa mango ngati sanandionepo. Ndinachoka pamzere ndili aManje, ndipo dzina limenelo linafika ku Vubwi ine ndisanafike.

Apa ndi pomwe okamba nkhaniyi amalekera.

Mvula itakhwima njala inalowa pakhomo la alamu, ndipo ife tinali pakamwa powonjezera. Ndinkalima ganyu, malipiro ake gaga. Ana a alamu ankayang'ana dzanja la amayi likamapita m'mbale, ndipo amayi atazindikira anayamba kunena kuti sakumva njala. Mankhwala awo anatha. Kukatenga ena kwathu unali ulendo woti n'kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo pa njinga yakapalasa. Mkazi wanga ankandikumbutsa, ine n'kumati sabata yamawa. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kudutsa pachigayo paja anthu n'kundiitana dzina latsopano.

Miyendo ya amayi inatupa. M'mawa wina tinawapeza kamwa litapotoka, mawu akutuluka movutikira. Ndinawerama kuti ndimve.

"Mwana wanga, ndiperekeze kwathu."

Ndinabwereka ngolo. Tinadzera njira ya m'minda, matope mpaka m'maondo, ine ndikukusa ng'ombe, mkazi wanga atafungatira mutu wa amayi. Dzuwa litapendeka mkazi wanga anangonena motsitsa kuti, "Abambo a Chisomo, imitsani ng'ombe."

Mpaka lero sindidziwa ngati amayi anamwalirira ku Malawi kapena ku Zambia. Pamalo pamenepo palibe chikwangwani. Pali mizere ya chimanga basi, mbali zonse ziwiri chachikasu chifukwa chosowa fataleza.

Pamaliro palibe anandinena. Lazalo anabweretsa ufa ndi nkhuni, ndipo patapita masiku anandiuza mwaulemu kuti munda andibwezera akakolola, koma ngati ndikufuna ganyu wopalira alipo. Ndinapalira munda wanga womwe, n'kulandira chimanga cham'mbale. Mkazi wanga sanandiuzepo kuti, "Ndinanena ine." Bwenzi atangonena, mwina zikanandipepukira.

Mwezi wathawu mnzanga wina wa kutchalitchi anabwera kudzandilawira kuti akusamukira ku Tete ndi banja lake lonse, akuti kumeneko zinthu zili bwino. Ndinamukokera mpando, mtima uli wokonzeka kumuuza kuti akhale pansi, ayambe wafunsa amake. Koma nditatsegula pakamwa, ndinangodzimva ndikufunsa kuti kodi kumeneko nkhalamba amazipatsa chiyani.