Galasi Loonera M'kati mwa Thumba

Mpaka lero ndikamadutsa pa Ulongwe ndimawerama m'minibasi ngati ndikumanga nsapato. Pali mavenda ena sanandiiwale.

Chinali chaka cha njala, tikugonera mango owiritsa. Ine ndinali pachikamwini kwa Nsamala, ndipo chimene ndinkalemera nacho ndi pakamwa basi. Apongozi anagulitsa mbuzi yawo yomaliza n'kundituma chimanga. Anandichenjeza kudzera mwa mkazi wanga (paja mkamwini sayang'anizana ndi apongozi) kuti mavenda akumathira mchenga pakati pa thumba.

"Uwauze asade nkhawa," ndinatero. "Ndili ndi galasi la ekisire."

Galasilo, lonenepa pakati, ndinagula pa Liwonde kwa mkulu wina wogulitsa zitsulo zakale. Analumbira kuti linachoka m'makina ojambulira m'chifuwa, ndipo likasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi umaona zam'kati. Ine n'kukhulupirira, ndi ndevu zangazi!

Ndinafika pamsika dzuwa lili paliwombo. Venda anandisonyeza thumba lakale lapulasitiki, lodzaza mpaka kufuna kuphulika.

"Pisani dzanja muone nokha, achimwene."

"Iyayi, zopisa manja n'zachikale."

Ndinatulutsa galasi, anthu n'kuyamba kuunjikana. Ndinalisendeza uku ndi uku mpaka kadontho kowala kanakhazikika pamimba pa thumba. Zam'kati sindinaone chilichonse. Koma gulu lonselo likundiyang'ana, ndikanati chiyani? Ndinakwinya nkhope.

"Muli mchenga umu."

"Walahi mulibe!" anakuwa venda.

Tili mkati mokangana, dzanja langa lili pomwepo, ndinamva fungo la kupsa kwa pulasitiki. Thumba linabooka, kenako linang'ambika kuti phwee! Chimanga chinakhuthuka, choyera bwino, chopanda ndi kamwala komwe.

Amayi inu! Anthu anjala sadikira chilolezo. Wina chitenje, wina chipewa, wina m'matumba a kabudula. Ine ndinagwada pakati pawo n'kumakokolola ndi manja, venda atandigwira pakolala.

"Mwagula, adokotala. Lonse."

Ndinalipiradi lonse, n'kubwerera ndi theka, china chili m'malaya.

Patapita nthawi ndinafunsa wojambula ekisire kuchipatala. Anaseka mpaka misozi. Akuti kuwala kwa ekisire galasi wamba silingakusonkhanitse, kumafuna timagalasi tapadera tambirimbiri tondondozana. "Komanso bambo, inu munkawalitsa dzuwa. Ekisireyo inachokera kuti?"

Koma manyazi enieni anali akunyumba tsiku lija. Ana anathamanga kudzandichingamira, ataona thumba anangobwerera. Apongozi sanakalipe (bola akanakalipa). Anayang'ana chimangacho nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa mkazi wanga, ine ndili chilili pomwepo.

"Uwafunse adokotala aunikenso bwino. Mwina theka lina la mbuzi yanga alipeza."

Galasilo analanda, amakolezera moto machesi akatha. Ndipo mwezi wonse umenewo, chakudya chikachepa m'mbale, palibe ankanena kanthu. Ankangoyang'ana ine.