Sangweji ya Aginesi

Lolemba

Ndayamba kulemba m'kabuku aka kuti wina asadzanene kuti sindinayese.

Nkhani ndi iyi. Aginesi, mwana wanga woyamba, amathawa kusukulu dzuwa likafika paliwombo. Sukuluyo ili kutsidya kwa madambo awiri, ndipo iye amachoka m'mamawa m'mimba mulibe kanthu. Dzulo titatuluka m'tchalitchi ku Nambuma aphunzitsi anandikokera pambali: "Bambo, sabata ino yokha. Akathawanso ndifafaniza dzina lake m'buku." Mtima ukundiwawa mpaka pano. Kuno kwawo kwa mkazi wanga akungodikira zomwezo. Amalume a Aginesi ananena kale kuti buku la mwana wamkazi ndi mtondo.

Koma ine ndine khukhi! Zaka zisanu ndi chimodzi ndinaphikira mzungu wa fodya ku Namitete mpaka anabwerera kwawo, ndipo ana ake sankalira njala masana. Chifukwa? Sangweji. Buledi pansi, buledi pamwamba, ndiwo pakati. Mbale osafunika.

Zimene ndili nazo:
mpeni umene anandisiyira Dona, mkazi wa mzunguyo
ufa, nthochi zakupsa, mtedza
nzeru

Zimene ndilibe:
buledi
bata
uvuni
khitchini

Mkamwini alibe khitchini. Mafuwa ndi a mkazi wanga, mphika ndi wa apongozi, ngakhale phulusa lili ndi mwini wake. Ndasonkha kamoto kanga kuseri kwa nkhokwe ngati wakuba nkhuku. Chigumu chilowa m'malo mwa buledi.

Lero Aginesi wapita ndi lonjezo lokha. Wabwera madzulo, sanathawe. Kani lonjezo limakhutitsa!

Lachiwiri

Chigumu chapserera pamwamba, pakati n'chachiwisi. Palibe kanthu. Ndadula mbali yabwinoyo ndi mpeni wa Dona, mopyapyala.

Dona ankati mwana azidya zamasamba kuti magazi achuluke. Ndaika nkhwani wotendera pakati. Ndakulunga m'tsamba la nthochi, ndamanga ndi luzi. Kukongola kwake!

Mkazi wanga wayang'ana, wati, "Ndiwo mwaziveka chipewa?" Ndangopitiriza ntchito yanga. Munthu wosayenda ndi wosayenda.

Madzulo. Aginesi wabweza tsamba lokha. Akuti msuzi unalowerera, chigumu chinasanduka phala asanawoloke dambo loyamba. Chotsalacho anasiya pansi pa mtengo kusukulu. "Nyerere zakuthokozani, bambo."

Koma sanathawe. Masiku awiri!

Phunziro: ndiwo zamsuzi ayi.

Lachitatu

Dzira! Louma, lokhutitsa, ana a mzungu ankalidya tsiku ndi tsiku. Ndatola awiri kunsi kwa nkhokwe, ndawaphika, ndawadula tizidutswa tozungulira.

Kulakwa koyamba: nkhukuyo ndi ya apongozi.
Kulakwa kwachiwiri: inkakonzekera kufungatira.
Kulakwa kwachitatu: ndinaiwala kuti ndili kumudzi.

Ine ndi apongozi sitiyang'anana, ndiwo mwambo. Tikakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo nthawi zonse winayo ndine. Akafuna kundiuza kanthu amauza nkhuku. Lero aziuza mokweza, mudzi wonse ukumva: "Nkhuku inu, mwamva kodi? Kuno kwabwera munthu wofuna kudyetsa mdzukulu wanga mazira kuti agwe khunyu. Ana anu aja waphika!"

Ndaima kuseri kwa nkhokwe, mpeni m'manja. Ana a mzungu aja sanagwepo khunyu ngakhale tsiku limodzi. Koma ndikauze ndani? Nkhuku?

Sangweji yalandidwa pakhomo. Amalume a Aginesi aidya yonse pamaso panga. Akuti mwamuna wamkulu mazira samuvuta. Anyambita ndi zala, kenaka akuti, "Zachizungu sizikhutitsa."

Mwana wapita chimanjamanja, mochedwanso. Tsiku lonse ndalephera kukhala pansi. Ndapita kudimba, ndabwerako. Ndayamba kusema mpini, ndausiya. Maso kunjira basi.

Wabwera dzuwa litapendeka, akuimba. Sanathawe. Watengera ine kulimba mtima.

Lachinayi

Lero ndiye lero! Chigumu chatuluka bwino. Makala pansi, makala pamwamba pa phale, kachidulo pang'ono kuti chifufume. Pakati ndapaka chiponde chosinja ndekha, pamwamba pake tizidutswa ta nthochi. Dona akanaona akanandikweza.

Anyamata opita kuubusa andipeza ndikusinja mtedza. Pofika masana akazi onse akuchitsime akudziwa. Asiyeni.

Madzulo ndamufunsa Aginesi mmene sangweji inakomera. Akuti anzake akuti inakoma.

Anzake?

Anamasula tsamba, ana onse n'kumuzungulira. Khumi ndi anayi. Aliyense kutsina pang'ono, wina buledi wapamwamba, wina wapansi, wina kungopisa chala m'chiponde. Iye anatsala ndi kachidutswa kamodzi ka nthochi.

Ndakalipa. Ndati akanabisala kuseri kwa sukulu n'kudya yekha. Wandiyang'ana modabwa: "Ndekha, bambo? Ngati mfiti?"

Amene anamuphunzitsa kuti chakudya sadya mobisa ndine ndemwe. Ana a mzungu aja aliyense ankakhala ndi kabokosi kake, kutembenukirana msana. Zimenezo ndinaiwala kuziika m'pulani.

Chabwino. Ngati akudya khumi ndi anayi, ndiphikira khumi ndi anayi. Ndione amene atope!

Sanathawe. Latsala limodzi.

Lachisanu

Ndadzuka tambala woyamba. Zigumu zitatu. Ufa wonse wam'dengu, nthochi zonse zapamkoko. Pa chachitatu mphika wa apongozi wangoti phwa, pakati. Ndaukwirira ndi mapesi. Tidzaona mawa.

Pakati ndaika mbewa. Zonona, zouma bwino, zokumba ndekha. Ndachotsa mitu ndi michira kuti zioneke zaulemu. Aginesi wasenza m'lichero ngati akupita kuukwati. Ndamuperekeza mpaka padambo loyamba, chifuwa patsogolo.

Pobwerera ndakumana ndi mkazi wanga akuthyola chisoso. Wandifunsa modekha, "Kodi bambo ake Aginesi, lero n'lachingati?"

Mayo ine!

Lachisanu. Mkhristu sadya nyama. Ine wobatizidwa, wokwatira m'tchalitchi, woimba kutsogolo, ndatumiza lichero la nyama kusukulu ya mishoni Lachisanu!

Ndakhala pachitsa kudzifunsa. Kodi mbewa ndi nyama? Nyama ndi mbuzi, ng'ombe, nkhumba. Mbewa ndi mbewa. Koma ili ndi miyendo inayi. Ili ndi magazi. Siisambira. Ndayesa mbali zonse, mbewa yakana kukhala nsomba.

Aginesi wabwera ndi lichero lopanda kanthu ndi kakalata. Aphunzitsi anamva fungo ana atamaliza kale. Alemba kuti: "Ana khumi ndi anayi adya nyama lero chifukwa cha inu. Tionane Lamulungu."

Aginesi sanadyeko, akuti anakumbukira tsiku. Ndiye sabata yonse mwana wanga wadya kachidutswa kamodzi ka nthochi.

Loweruka

Sukulu kulibe. Mtendere kulibenso.

Zimene zachitika dzuwa lisanakwere:
mphika wapezeka
nkhuku zauzidwa zonse, kawiri
mkazi wanga wazimitsa kamoto kanga ndi madzi
amayi atatu abwera kudzafunsa ngati ana awo apita kumoto

Amalume akuyenda uku ndi uku akumwetulira. Akuti musi wa Aginesi ausema okha.

Ndapita kukalapa. Nditafika pa mbewa, ansembe akhosomola nthawi yaitali kuseri kwa nsalu. Ndikukayika ngati chinali chifuwa. Akuti ana alibe mlandu, mlandu ndi wa khukhi.

Pobwera ndapeza Aginesi atakhala pabwalo akulemba dzina lake pamchenga ndi kamtengo. Akulemba, akufuta, akulembanso. G amamutembenuza. Ndaima kumuyang'ana mpaka misozi. Ngati dzina ili lifafanizidwa m'buku, walifafaniza ndine, ndi mpeni wa Dona. Ndikuopa mawa.

Lamulungu

Misa yonse sindinamve kanthu. Potuluka aphunzitsi andikokeranso pambali, malo omwe aja. Za mbewa anena zambiri, sindizilemba. Kenaka akuti, "Koma mwana wakhala sabata yonse. Dzina likhala. Musasiye kumupatsa mbatata zija."

Mbatata ziti?

Panjira Aginesi waulula. Kuyambira Lolemba, akamadutsa kuseri kwa nyumba ya agogo ake, iwo amamumangira m'kansalu timbatata tootcha. Ting'onoting'ono, tambiri, ndi mtedza wokazinga m'manja muwiri. Kuti wina akapempha ampatse kamodzi, winanso kamodzi, iye n'kutsala nato. Amati, "Usawauze bambo ako, angakhumudwe. Akuyesetsa."

Apongozi omwe aja. Amene sadziwa ngakhale chilembo chimodzi, amene ndinkati akugwirizana ndi amalume.

Manyazi andigwira, koma mtima wakhala pansi koyamba sabata ino. Ndapita pabwalo pawo. Iwo ali pakhonde akusenda mtedza. Ndaima chafulatira monga mwa mwambo, ndavula chipewa, ndauza nkhokwe kuti zikomo kwambiri.

Kenaka ndamva akuuza nkhuku: "Mumuuze munthu uja kuti mbatata zatha. Khasu lili paja. Ndipo mphika sumera."

Mpeni wa Dona ndaupukuta, ndausomeka kudenga. Mawa m'mamawa ndili kudimba.

Komabe mbatata yootcha, utaidula pakati bwinobwino, n'kupakamo kachiponde...

Ayi. Ndasiya. Ine ntchito yanga n'kukumba.