Mmene Makompyuta a Maloya Anandisandutsira Mayi Wamasiye

Kwa Bwana Loya Wamkulu,
Kampani ya Maloya ya pa Nsanjika Yachitatu,
M'tauni, Blantyre.

Wolemekezeka Bwana,

KUTHOKOZA CHIFUKWA CHA UKWATI WA MAKOMPYUTA ANU

Ndalemba kalatayi nditagwada, ngakhale pamene ndagwadapa ndi pafumbi, kuseri kwa katebulo kanga pa siteji ya minibasi ku Chilomoni. Dzina langa ndine Nedson Khoromana, ejenti wa ndalama za pa foni. Ofesi yanga ndi ambulera, tebulo, mafoni awiri ndi mpando umodzi wa pulasitiki umene timalandirana ndi makasitomala achikulire. Ndine bambo wa ndevu zanga, wapabanja. Koma malinga ndi ofesi yanu ndine Mayi Constance, mayi wamasiye wa ku Machinjiri, amene mlandu wa nyumba yawo ukulowa m'khoti Lachinayi sabata yamawa. Popeza amene munaphunzira malamulo ndinu, sindikufuna kutsutsana nanu. Ndingokudziwitsani kuti Mayi Constance enawo, eni ake dzina, za Lachinayi limeneli sakuzidziwa.

Ndiyambe ndi kuyamikira chitukuko. A Bruce, katswiri wanu wa makompyuta, anandifotokozera kuti kale munali ndi mapulogalamu awiri osalankhulana. Ina inkasunga za malipiro, ina inkasunga mapepala a milandu. Chaka chino munawalumikiza, kuti munthu akangolipira, risiti ndi mapepala ake zizimupeza pa WhatsApp nthawi yomweyo, mesenjala asatuluke thukuta. Kwathu kuno zoterezi timati ukwati, ndipo ndaona kuti ndi wa chikamwini. Pulogalamu ya mapepala ndiyo inasamuka kukakhala kwa ya malipiro, ndipo zimene anena eni mudzi, mkamwini amangovomera. Nambala imene yalipira ndiyo imasanduka nambala ya mwini mlandu, yakale ija n'kufufutika. Ukwati wake ngwabwino ndithu. Munangoiwala kuika ankhoswe oti zikavuta munthu akadandauleko.

Tsiku lina lamvula panafika mayi wamfupi wovala zakuda, ndalama atamanga pa nsonga ya chitenje, m'manja muli kapepala ka nambala ya failo yawo. Anandipempha kuti ndiwalipirire kwa maloya, chifukwa kafoni kawo n'kamabatani. Kuno anthu ambiri amalipira choncho. Madzi, fizi, loya, zonse zimadutsa pa foni ya ejenti. Sindikukuimbani mlandu posadziwa zimenezi, pakuti kuchokera pa nsanjika yachitatu maambulera athu amangooneka ngati bowa. Ndinalipira, mayiwo anatenga kapepala kawo, n'kuthamangira minibasi. Minibasiyo isanakhote n'komwe, foni yanga inalira, ndipo uthenga wake unayamba ndi mawu akuti Wokondedwa Mayi Constance. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala wokondedwa wanu.

Tsono ndiloleni nditchule zimene ndikuthokozera.

Choyamba, maphunziro aulere. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma lero Chingerezi cha kukhoti ndimachiwerenga mosajejema. Ndadziwa za mwamuna wanga amene sindinamuonepo, za nyumba imene tinamanga pang'onopang'ono iye akugwira ntchito yaulonda ine ndikugulitsa kaunjika, ndiponso za mlamu wanga a Duncan, amene anatenga makiyi anthu asanamwazike pamaliro. Zina zili m'mapepalamo sindizilemba muno, ndipo ngakhale mayina amene ndatchulawa ndawadula michira. Chinsinsi chanu ndakusungirani kuposa mmene mwachisungira eni ake.

Chachiwiri, ulemu umene ndinalandira ku ofesi yanu. Ndinatseka bizinesi m'mawa wonse, ndinavala jekete la ku tchalitchi, n'kukwera masitepe chifukwa magetsi anali atazima. A Cindy a pa risepushoni anandimvetsera bwinobwino, kenako anandiuza kuti nkhani za kasitomala sangakambirane ndi munthu wapadera. Ndinawaonetsa foni kuti kasitomalayo ndine ndemwe. Anayang'ana kompyuta, anayang'ana ndevu zanga, n'kupempha chiphaso. Chiphaso chinati Nedson, ndipo nkhani inathera pomwepo. Ndinatsika masitepe nditamvetsa bwino malamulo: pa foni ndine Mayi Constance woyenera kulandira chilichonse, koma pamaso ndine mlendo wosayenera kumva kanthu. Anandipatsa madzi ozizira, ndisabise.

Chachitatu, mbiri yabwino imene ndili nayo kwanuko. Ulendo wachiwiri ndinakumana ndi a Bruce pa masitepe. Munthu wofatsa, wodziwa ntchito yake. Iwo ndiwo anandiuza kuti pepala loyamba limene mayiwo analemba ndi dzanja lawo, pamene pali nambala yawo yeniyeni, linajambulidwa ndipo lilimo m'kompyuta. Koma anati palibe chifukwa choti wina alitsegule, popeza failo ya Mayi Constance ikuonetsa zobiriwira zokhazokha. Uthenga uliwonse umawerengedwa msangamsanga, timizere tiwiri n'kusanduka tabuluu. Akuti pa makasitomala anu onse, womvera kwambiri ndine. Ndinafunsa za kusintha nambala. Anati pempho lotero liyenera kuchokera pa nambala ya kasitomala. Ndinalitumiza pomwepo iwo akuona, ndipo kompyuta inandifunsa mwaulemu nambala yatsopano, imene ndi yomweyo ndinakwerera masitepe kudzaifuna. Ndinayesanso kuleka kutsegula mauthenga kuti mwina wina kumeneko adabwe. Kompyuta sinadabwe. Inangoyamba kunditumizira uthenga womwewo m'mawa ndi masana.

Chachinayi, mwalimbitsa banja langa. Mayi a kunyumba, a Chiyamiko, anapeza m'foni mwanga mawu aja akuti Wokondedwa, pamodzi ndi dzina la mkazi, ndipo kwa masiku angapo tinkalankhulana kudzera mwa ana. Nditawapatsa mapepala kuti awerenge okha, analira. Tsopano sandifunsanso kuti Constance ndani. Amandifunsa kuti ndamupeza kapena ayi, ndipo funso lachiwirili ndi lowawa kuposa loyamba lija.

Chachisanu, mwandidziwitsa mzinda wanga. Mapepala anu amati mayiwo amakhala ku Machinjiri, pafupi ndi chigayo. Lamulungu lina nditatuluka m'tchalitchi ndinakwera maminibasi awiri, ndipo ndinapeza kuti ku Machinjiri aliyense amakhala pafupi ndi chigayo. Nyumbayo ndinaipeza dzuwa litapendeka. Ndi yooneka bwino, ya malata, pakhonde pali mtengo wa mapeyala, ndipo aipaka penti yatsopano monga amachitira anthu akafuna kugulitsa. Pakhondepo panali a Duncan. Anandipatsa mpando poganiza kuti ndine wogula, n'kundionetsa zipinda zonse, mpaka pachitseko pamene ana ankalemba misinkhu yawo ndi makala, pomwe penti inali isanafike. Nditafunsa za eni nyumba akale, anati anapita kumudzi, osatchula mudzi wake. Anandiuza kuti ndibwerenso Lachisanu sabata yamawa, zonse zidzakhala zitayera. A Duncan tsiku la mlandu akulidziwa bwino. Maloya awo ndi achikale, otsalira pa chitukuko, amatumabe munthu pa njinga.

Ndafunsa makondakitala a pa siteji pano. Ndafunsa amayi ogulitsa tomato. A Chiyamiko afunsa ku Mvano. Koma yesani nokha, Bwana, kufunafuna mumzinda wa Blantyre mayi wamfupi wovala zakuda, popanda kunena chimene mukumufunira. Akundilozera amayi amasiye ambirimbiri, aliyense ndi mlamu wake wosunga makiyi, koma Mayi Constance palibepo. Mwina ku Chilomoni anangodutsa. Mwina ali ku Bangwe kapena ku Ndirande kwa mbale wawo, kafoni kamabatani kali m'chitenje, akudikira kuti maloya awo aimba monga anawalonjezera.

Uthenga wanu womaliza ndi womveka bwino, ndipo amene anaulemba ndikumuyamikira. Ukuti ndifike Lachinayi ndi mtchatho wa ukwati komanso nkhoswe yanga. Ukutinso ndikapanda kufika, mlandu ukhoza kuthetsedwa, ndipo chiletso choti nyumba isagulitsidwe chidzachotsedwa. Pansi pake pali mawu ondithokoza chifukwa chosankha kampani yanu.

Bwana, pano ndinene mosazungulira. Ndili ndi mantha, ndipo ndakwiya, ngakhale ndakwiya mwaulemu. Ine ndimagwira ndalama za anthu tsiku lililonse ndipo mtima wanga umakhala m'malo. Koma nyumba ya munthu sindinaisungepo m'thumba la buluku. Foni ikalira ndikumadzidzimuka, ndipo makasitomala ayamba kundifunsa ngati ndikudwala.

Ndiye ndaganiza zomvera kompyuta yanu mpaka kumapeto. Lachinayi ndibwera kukhoti. A Chiyamiko andibwereka chitenje chakuda. Mtchatho ndilibe, nkhoswe ndilibe, koma nkhani yonse ndikuidziwa pamtima, mwinanso kuposa loya amene mudzamutume. Mumuuziretu kuti akaona mayi wamasiye wa ndevu pa benchi asathawe. Ngati a Jaji adzandifunsa kuti ndine yani, ndidzawaonetsa foni, ndipo ndikukhulupirira kuti a Bruce adzabwera kudzawafotokozera za timizere tabuluu.

Kalatayi ndaiika poyera osati pofuna kukuchititsani manyazi, ayi. Ndinailemba kaye mwachinsinsi n'kuitumiza pa nambala ya ofesi yanu. Kompyuta inailandira, inailowetsa mu failo ya Mayi Constance, n'kundibwezera ine ndemwe ngati pepala latsopano la mlandu wanga. Ndinaiwerenga, ndipo ndinagwirizana nayo.

Tsono popeza tili poyera, mundilole nditembenuke pang'ono. Mayi Constance, kapena aliyense wowadziwa: inu amene munalipira maloya pa ambulera yofiira pa siteji ya Chilomoni tsiku lamvula, mlandu wanu ndi Lachinayi sabata yamawa, naini koloko m'mawa. Mutenge mtchatho ndi ankhoswe. Musadikire foni. Ngati thiransipoti yavuta, fikani pa ambulera yomwe ija.

Ndabwerera kwa inu, Bwana, ndi mapempho awiri ang'onoang'ono. Loyamba ndi lakuti wina mwa anthu ophunzira amene muli nawo atsegule pepala loyamba lija, awerenge nambala imene mayiwo analemba ndi dzanja lawo, n'kuiimba. Mayunitsi ndiwatumizira ine. Ndikudziwa kuti ntchito yotere ndi yachikale, yofuna chala ndi khutu, ndipo mwina ingakhumudwitse akwati anu awiri aja. Ngati zili choncho ndimvetsa, ndipo ndingosiya pempho lachiwiri.

Nyumbayo ikapita, kompyuta yanu idzalemba uthenga wodziwitsa mayiwo ndi ana awo kuti alibenso kwawo. Umenewo wokha, chonde, musautumize kwa ine. Ndawerenga zonse zimene munanditumizira, koma umenewo sinditsegula. Muusindikize pa pepala, mutsike masitepe nokha, mukawafunefune m'makomboni muno monga ndachitira ine, ndipo mukawapeza muwawerengere mokweza mukuwayang'ana kumaso. Musaiwale kuyamba ndi mawu aja akuti Wokondedwa.

Ine wanu womvera kuposa makasitomala onse,

Nedson Khoromana,
(Mayi Constance, malinga ndi failo yanu)
Ambulera yofiira, siteji ya Chilomoni.