Galimoto ya Mkamwini ndi Masamba a Pamsewu

Inu amene mumati Faniwelo ndi wabodza, sendererani kuno muwerenge, mukamaliza mukanenenso ngati pakamwa pakulolani. Kale ndinkanamadi, sindikana, masiku amene ndinkawotcherera zitsulo pa Domasi, munthu ndikumuuza kuti njinga yake itha mawa chikhalirecho sindinaikhudze n'komwe. Zimenezo ndinalapa. Lero ndimakhala benchi lakutsogolo kutchalitchi, kulumbira ndinasiya, ndiye zimene ndilembe panozi n'zoona zokhazokha, ndipo mkati mwake muli kamlandu kanga kamene ndakasenza nthawi yaitali.

Achemwali anga a Meriya ali ndi mwana wamkazi, Esinati, ndipo nkhoswe wake ndine. Amakhala kutsidya kwa dambo, kumene mpunga umafika mpaka pakhonde. Mnyamata amene anamufunsira, Lakisoni, amagwira ntchito ku Joni, ndipo chaka chimenecho anabwera pa Khirisimasi ndi galimoto yatsopano, ija yokoka ndi matayala onse anayi, mipando ikadali m'mapulasitiki. Ukwati unali Loweruka ku Mishoni, Lolemba lake mnyamatayo n'kubwerera kuntchito. Ukanalephereka Loweruka limenelo, basi, mpaka Khirisimasi ina, ndipo inu mukudziwa zimene Joni imachita ndi anyamata osadalitsa ukwati.

Anabwera nayo pakhomo panga kumayambiriro kwa sabata, kumbuyo kutadzaza makatoni. Akuti, "Amalume, izi ndagula padera. Bampala yachitsulo iyi, kaliyala uyu, nyali izi, paipi yoti injini izipumira ikalowa m'madzi, ndi chingwe ichi chodzikokera ikatitimira. Mungomanga mabawuti basi. Musawonjezere kanthu."

Ndinaziyang'ana zinthuzo, mwanayo ndinamumvera chisoni. Zidole za misewu ya ku Joni! Matope a kwathu kuno amameza thirakitala n'kulavula chiwongolero chokha, ndiye ine nkhoswe wathunthu ndikanatumiza bwanji mwana wa achemwali anga kutchalitchi ndi bampala yopinda ndi chala?

Atangokhota pamango ndinayatsa makina. Bampala ndinaiwirikiza ndi zitsulo za chigayo chakale, inalemera mpaka matayala akumbuyo ananyamuka galimoto n'kugwada ngati mayi wolonjera apongozi, ndiye kuti iwongoke ndinawotcherera kumbuyo kaliyala wachiwiri pamwamba pa woyamba, wachitatu pamwamba pa wachiwiri, ndikumakwera nawo choncho mpaka akhwangwala anayamba kumangapo zisa penti isanaume. Mukumva? Matayala ndinaika a thirakitala, aatali moti pokwera pankafunika makwerero, ndipo wokhala kutsogolo ankaona asodzi ku Chilwa akuyanika matemba. Paipi yopumira ija inali yaifupi ngati khosi la bakha, ndinailumikiza ndi nsungwi za m'phiri, nsungwi pa nsungwi, mpaka inakaboola mtambo, moti mvula yonse imene inagwa sabata imeneyo ndinaitsegula ndine, ngakhale palibe mlimi wa mpunga ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzathokoza. Nyali ndinaziyesa masana dzuwa likuswa mtengo, dzuwa linachita manyazi n'kubisala, mpunga wa aneba umene unali panazale unabereka n'kucha pompo, mpheta zinafika zisanamve n'uthenga womwe. Hutala ndinangoikulitsa kukamwa ndi ndowa, italira kamodzi mango onse a m'mudzi anayoyoka, aawisi omwe, ndipo agogo ena ogontha anayankha kuti "Lowani!"

Lakisoni anabwera Lachisanu, n'kumaunguza pabwalo ataima pakati pa matayala.

"Amalume, galimoto yanga ili kuti?"

"Kwezani maso, mkamwini."

Anakweza, chipewa n'kugwera kumbuyo, misozi n'kuyamba. Ine ndinati n'chimwemwe.

Loweruka kunacha mtsinje wa Domasi utakwiya. Mlatho wamitengo wopita kwa achemwali unali utapita, msewu ndi munda osazisiyanitsa. Foni inalira, achemwali akufuula kuti mwana wavala kale velo, akulira, ufa wakumaso wonse watsikira pachibwano. Abusa nawonso anali atanena kuti dzuwa likafika pamutu anyamuka, kuli ukwati wina kumpingo wina. Ndinauza Lakisoni kuti mkwati sayendayenda, akadikire pakhomo pa tchalitchi, zotsalazo n'za nkhoswe.

Ndinakwera makwerero, giya khatha, ndinalowa mumtsinje osachepetsa liwiro, madzi anafika pabampala, pagalasi, padenga, kunja kunada bii, ine ndili pansi pa mtsinje ndikuimba nyimbo ya kwaya, injini ikupumira m'mitambo kudzera m'nsungwi zija, milamba ikusuzumira pawindo ina n'kumagogoda kuti ndiikweze, ndipo potulukira kutsidya makaliyala onse anali tho ndi nsomba zokwanira ndiwo za ukwati. Mukumva inu? Ndinakweza Esinati, achemwali ndi atsikana operekeza, mmodzimmodzi pamakwerero, velo ndikuigwirira ndekha kuti isakhudze matope.

Pobwerera ndiye panali nkhani. Madzi anali atawirikiza, ndipo mkwatibwi sungamulowetse pansi pa mtsinje, tsitsi lingawonongeke. Ndinatulutsa chingwe chodzikokera chija, chimene ndinachiwonjezera ndi matcheni a njinga zonse zimene eni ake ankazidikira mawa, ndinazunguza mbedza yake n'kuiponya, inakakola mwala pamwamba pa phiri la Zomba, ndinadina batani, ndipo m'malo moti galimoto ipite kuphiri, phiri ndi limene linayamba kubwera. Ndithu! Funsani achikulire, akuuzani kuti kale mthunzi sunkafika msanga chonchi m'minda yathu. Ndinamasula buleki msanga phiri lisanaponde nyumba za anthu, galimoto inakwera chiimire, achemwali akupemphera m'Chilomwe chimene anachiiwala kalekale, tinalowa m'nkhalango bampala ikumweta, makaliyala akupesa mitengo ngati chipeso m'mutu mwa mwana, ndipo pamene tinkatsikira pamsewu cha ku Naisi sitinalinso galimoto ayi, tinali nkhalango yoyenda.

Apa ndiye pali mlandu wanga. Ndinayenera kuima n'kutsitsa nthambizo. Koma dzuwa linali litakwera, ndinaponda moto, ndipo pakabampu kalikonse nthambi inkagwa n'kugona chopingasa msewu, yaiwisi, yooneka bwino, ngati munthu waiyala ndi manja. Nanga masamba pamsewu amatanthauza chiyani kwathu kuno, si maliro?

Akabaza anatsika n'kumayendetsa njinga pamanja. Maminibasi anazimitsa mawailesi, makondakitala n'kuvula zipewa, chinthu chimene sichinaonekepo. Amayi anasiya kuwokera mpunga, anamanga zitenje, wina mbale ya ufa, wina mtolo wa nkhuni, onse kutsata masamba, mudzi uwu ukuuza mudzi uwo, nyimbo yamaliro inayambira ku Naisi mathero ake akuimbidwa ku Domasi, kumbuyo kwenikweni adzukulu ndi makasu paphewa akufunsana kuti manda ake ndi ati. Ine ndikayang'ana pagalasi ndinkangoti anthu akusirira ntchito ya manja anga, n'kumawabayibitsa.

Tinafika ku Mishoni chigwa chonse chili pambuyo pathu chikulira. Lakisoni ataona khamu, ataonanso chinthu choyera m'galimoto chitakhala duu, anangokhala pansi ndi suti yomwe.

"Amalume, mwamutani Esinati?"

Esinati anatsika makwerero, anakweza velo pang'ono n'kuyang'ana anthuwo. "Kodi wafa ndani? Ine ndabwera kudzakwatiwa."

Kenaka mayi wina, misozi ili mbwembwembwe, anafunsa mokwiya ndithu, "Ndiye ife talira ulendo wonsewu tikulirira ndani?" Mkulu wa adzukulu anatsitsa khasu nati, "Kaya ndi maliro kaya ndi ukwati, ife sitibwerera osadya."

Abusa anayang'ana dzuwa, anayang'ana galimoto mpaka khosi kuwawa, anati lowani msanga. Amayi aja kulira kuja anakupotoza pakati pa mpweya womwewo kukhala nthungululu. Ufa wa pamaliro, nkhuni za pamaliro ndi milamba yanga zinadyetsa anthu onse n'kutsala, ndipo adzukulu atakhuta anati makasu asabwerere ouma, anakalambula msewu wa kwa achemwali.

Ukwati unadalitsidwa, koma achemwali anati masamba aja ndi malodza, ndipo anandipanikiza kuseri kwa tchalitchi kuti achimwene, zimenezi wachititsa ndani? Ine m'maso muli gwa ndinati ndi mkamwini wanuyu ndi zitsulo zake za ku Joni. Kuyambira pamenepo mwana akatsokomola pakhomo paja, achemwali amayang'ana Lakisoni. Ndiye lero ndikulemba poyera. Achemwali, Lakisoni anati musawonjezere kanthu. Wowonjezera ndine. Mumuphere nkhuku akabwera, wapirira.

Tsopano otsutsa inu mukapita kwa Esinati, ndikudziwa zimene akakuuzeni. Akati galimoto inalemera ndi zitsulo zanga, inatitimira pakamatope kongotuluka pageti panga, masamba aja ndi amene tinkathyola kuponya pansi pa matayala, iyeyo anawoloka pamsana pa alongo ake n'kufika kutchalitchi pa kabaza, ndipo galimoto anadzaizula Lolemba ndi ng'ombe za ngolo, Lakisoni n'kupita ku Joni pa basi. Musamudzudzule mwanayo, ndi waulemu. Koma ine ndinali pachiwongolero, iye anali m'velo. Munthu wovala velo amaona chiyani?