Tsamba loyamba la buku langa la mtedza

Lolemba
Buku langa la kasungidwe ka mtedza lalowa pa intaneti lero! Zaka zonse zija ndili mlangizi kuno ku Ntchisi, ndinkangolankhula za chuku pansi pa mitengo, anthu n'kumawodzera. Tsopano ndapuma ntchito, ndazilemba. Tsamba loyamba: chithunzi changa cha jekete, dzina langa m'zilembo zikuluzikulu, m'munsi chenjezo loti mwini wake ndine, osakopera, osagawa. Ndikungolitsegula n'kumaliyang'ana. Ndalama zibwere zisabwere, koma dzinali liwerengedwe ndisanafe.

Wofuna buku alipira pa foni, ine ndimutumizira. Netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa khola, ndiye ofesi ili pamenepo.

Lachiwiri
Pachulu kuyambira m'mawa. Amene afunsa:
wina wofuna kundigulitsa mtedza,
wina wolakwitsa nambala,
alamu anga a ku Chisepo.
Alamuwo sakugula ayi. Akuti, "Mpaka ine ndilipire? Mlongo wangayo munachita kumupeza pa intaneti?" Ndatumiza. Ndawauza kuti ndi lawo okha, asapatse munthu. Akuti ndisadandaule. Ndayamba kudandaula.

Lachitatu
Ndinaiwala kuti alamu ndi mlembi wa kalabu ya alimi. Buku lili pa gulu lawo la pa foni, ndi uthenga woti, "Mphatso yochokera kwa alamu anga, gawanani." Foni ikungolira. Zikomo, zikomo, tizithunzi ta manja opemphera. Wolipira palibe. Munthu ungakalipire bwanji anthu oti akukuthokoza? Ndikudzitonthoza kuti bola dzina likuyenda. Bondo likuwawa, chulu chija n'chachitali.

Lachinayi
Mvula. Netiweki zii. Chulu chikuterera, ofesi yatsekedwa. Mayi a kunyumba abwera kuchokera ku kwaya, akuti mnzawo waliona buku langa ku Malomo, la mapepala. La mapepala? Ine sindinasindikize kanthu!

Lachisanu
Ulendo wa ku Malomo pa njinga. Kunena zoona, njingayo ndiyo yakwera ine, matope ake si masewera. Pa kashopu ka fotokope, mulu wa mabuku anga, omanga bwinobwino ndi sitepulo. Ndatenga limodzi. Likuyambira pa tsamba lachiwiri. Lina, chimodzimodzi. Mulu wonse!

Ndafunsa mayi ogulitsa. Akuti, "Alimi amalipira pa tsamba, bambo. Loyamba lija mulibe za mtedza, ndiye timalidumpha. Mukufuna angati?"

Ndawauza kuti wolemba ndine. Andiyang'ana kuyambira kumatope a m'miyendo mpaka kuchipewa. Akuti basi ine andichotserako mtengo pang'ono. Mphamvu zokangana ndinazisiya pamsewu. Ndagula limodzi, sindikudziwa chifukwa chake.

Loweruka
Nzeru yatsopano: kutumiza tsamba loyamba lokhalo pa gulu la alimi lija, kuti aliyense alibwezere m'malo mwake. Ndakwera chulu chokwawa, ndatumiza chithunzi ndi dzina. Uthenga wofotokoza wakanirira, netiweki yathawa.

Pofika masana mayankho ali mbwee. "Mzimu wawo uuse mumtendere." "Anali munthu wabwino." "Mwambo uli liti?" Amayi awiri a kutchalitchi, a mumphakati mwathu, afika pakhomo ndi nkhuni pamutu, nkhope zachisoni, andipeza ndikutsuka njinga. Mayi a kunyumba aseka mpaka kukhala pansi. Nkhunizo tasunga. Ndatopa, thupi lonse ngati ndapunthidwa.

Lamulungu
Misa. Anthu akundigwira chanza nthawi yaitali, ena kundifinya dzanja kuti atsimikize. Pa zolengeza, atcheya a tchalitchi anena ziwiri: kuti ine ndili moyo, ndiponso kuti kwabwera kabuku kothandiza ka mtedza, kolembedwa ndi akatswiri a ku Lilongwe, banja lililonse likapeze. Anthu aombera m'manja zonse ziwiri, koma kwambiri kabukuko. Alamu, amene akanandichitira umboni, ali kwawo ku Chisepo, foni yawo yozima. Kuimirira ndekha n'kunena kuti ndine, pakati pa tchalitchi, nditangouka kwa akufa? Ayi, manyazi.

Panja andiimitsa abambo ena achikulire, amene ndinkawayendera kumunda kwawo chaka ndi chaka. Atulutsa mapepala aja m'thumba la jekete, opindapinda, mizere ina atailemba mzere kunsi ndi bolopeni. Akuti, "A mlangizi, muwerengeko izi. Mukanatiuza zoterezi kale, mtedza wathu sukanamaola."

Ndawapepesa.