Ngalande ya apongozi

Lolemba

Tafika ku Chipangali, ine ndi amake Tisa. Vuto ndi lakale: mvula ikagwa madzi amaima pakhomo pa apongozi, ndipo chaka chatha anatsala pang'ono kulowa m'chipinda chosungiramo mbewu ya mtedza. Ndalonjeza pamaso pa anthu kuti ndikumba ngalande yoyeza ndi makina, osati yongoganizira.

Levulo, makina oyezera kukwera ndi kutsika kwa nthaka, ndabwereka kwa Yusufu, mnzanga wa zamisewu. Amati andifotokozere, ndamudula: "Ndinagwirapo pamsewu ine." Zoona ndinagwirapo. Ndodo ya manambala. Wogwira ndodo sasuzumira m'makina, koma zimenezo sindinanene.

Lachiwiri

Katundu wa levulo:
miyendo itatu yosamvana
chosuzumiramo
masikuluwu atatu pansi pake
kathovu m'kagalasi, koyenera kukhala pakati

Kathovuko n'kamwano! Ndikapotoza sikuluwu iyi kathawira uko, ndikapotoza iyo kabwerera n'kupitirira. Dzuwa lapendeka ndikulimbana nako, mudzi wonse uli pansi pa mango kuonerera.

Apongozi, amene chikwatirire mwana wawo sitinayang'anepo m'maso, atumiza mawu kudzera kwa mkazi wanga: "Uwauze a injiniya apumeko." A injiniya! Ndafufuma ndi kunyada mpaka nsapato zandichepera.

Lachitatu

Kathovu kagonja. Amake Tisa aimika ndodo. Ndikusuzumira: mbuu. Ndikupotoza kachitsulo kozungulira ka pambali, kwayera, ndipo galasi lonse ladzaza nkhope ya apongozi akusenda chinangwa, pafupi moti ndingawakhudze mphuno. Ndaona mpaka pamene panachoka dzino! Ndalumpha, ndapunthwa pa mwendo wa makina, kathovu kathawanso.

Iwo sakudziwa kuti ndawayang'ana. Ine ndikudziwa, ndipo manyazi akundidya.

Lachinayi

Ndawerenga manambala pa kamzere kopingasa ka m'galasi. Pakhomo nambala yaikulu, kukhola la ng'ombe yaing'ono. Zosavuta: yaikulu ndi pokwera, yaing'ono ndi potsika. Ngalande ichoke pakhomo, ilunjike kukhola.

Amake Tisa akuti, "Atate ake Tisa, koma ndikamapita kukhola ndimamva ngati ndikukwera." Ndawayankha kuti miyendo imanama, makina sanama. Alamu anga onse atenga makasu.

Lachisanu

Ngalande yatha, yowongoka ngati chingwe. Koma mawu a miyendo aja akundizungulira m'mutu. Ndaimbira Yusufu, ali kumzikiti, foni yothima. Atatuluka iye, netiweki yathawa kuno.

Apongozi andiphera nkhuku, nthutumba andiikira pambali. Ndadya maso ali kumitambo. Kum'mawa kwada bii.

Loweruka

Mvula!

Ngalande ikugwira ntchito, ndipo bwino kwambiri. Chammbuyo. Madzi onse a kukhola, ndowe ndi zitosi zomwe, akutsetsereka mwaulemu mpaka pakhomo, pansi pa chitseko, m'chipinda cha mbewu. Kale ankangoima panja, ine ndawalambulira njira.

Tikutulutsa matumba, foni yalira. Yusufu. Ndamuwerengera manambala aja. "Achimwene, nambala ikakula ndiye kuti ndodo yaima potsika. Paja munati munagwirapo?" Ndadula foni. Amake Tisa angopitiriza kunyamula matumba. Bola akanandikalipira.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, nkhope ndilibe. Ndikukwirira ngalande ndekha, alamu akuti misana ikuwawa.

Mtedza wayanikidwa pabwalo, wina wafufuma kale, sudzalika. Mbewu imeneyi apongozi anaisankha ndi manja awo, kamodzikamodzi. Mtima ukundipweteka.

Makina ndabwezera m'bokosi. Miyendo itatu ija yokha ndiyo yapeza ntchito, apongozi ayanikapo matumba onyowa. Atatha kuyanika aima pafupi nane, nkhope ataloza kwina monga mwa mwambo, n'kuitana mwana wawo:

"Uwauze a injiniya kuti madzi awo afika onse, palibe otayika panjira."

Amake Tisa atembenuka n'kundiuza, ngakhale ndinamva ndekha. Ndathokoza, ndatolanso khasu.